A Benedito ndi mpando wa bambo awo

Chaka chakwana, ee, chaka chathunthu chakwana chipitireni a Benedito, msuweni wanga, aphunzitsi a ana athu ndi a zidzukulu zathu zomwe. Anthu akuti a Felesiya lirani. Ndinalira kale ine, misozi inatsika ndi Rivirivi, ikakafika ku Shire ikawapeza kutsidya komwe anawatengera. Lero ndiimba. Msuweni salira mwaulemu ngati mlamu, iyayi. Msuweni amatukwana, amavina, amaulula. Ndiye khalani pansi ndikuuzeni za mwamuna amene anachita nsanje kuyambira ndevu zisanamere mpaka mano atatha m'kamwa, nsanje yaukhondo, nsanje yosita ndi simbi ya makala.

Kulemba ndinakuphunzira mochedwa, kusukulu ya kwacha, ndipo pakamwa pakathamanga dzanja limatsalira. Koma za iwowa ndilemba ndekha, wina angandichotsere mchere.

Poyamba mumve ubale, kuti musasochere. Bambo awo a Benedito anali atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, bere limodzi. Atsibweniwo ndiwo anali mfumu ya mudzi wathu kuno ku Utale. Dzina la ufumuwo sindilitchula, lili ndi eni ake. Akazi awo anakawatenga ku Machinga, kuseri kwa mapiri, nawabweretsa kuno pachitengwa, ndipo a Benedito anabadwira pano, mchombo wawo unagwera pano, anakulira pakhonde la mfumu. Koma kwathu kuno dzina silitsika ndi bondo la bambo, limatsika ndi bere la mayi. Mfumu ikagona, dzina limalumpha ana ake onse n'kukatera pa mwana wa mlongo wake. Linawalumpha a Benedito. Linatera pa achimwene anga a Kalisito, amene tsiku limenelo tinakawagwira ali kukhola, akumanga mwendo wa mbuzi. Ife azimayi a mbumba tinawathira ufa kumutu, nthungululu m'mwamba, iwo akulira kuti sindifuna, sindifuna. A Benedito anaima patali, malaya oyera, manja kumbuyo. Amene ankafuna sanagwidwe, amene anagwidwa sankafuna. Nkhani yonse ndi imeneyo, zotsalazi ndi ndiwo.

Manja kumbuyo, ndati. Kayendedwe kameneko kanali ka bambo awo. Anatenganso kachifuwa kawo, kaja kotsokomola kaye munthu asanayankhe, moti ukawamva kuseri kwa mpanda unkati malemu auka. Dzina la ufumu sanawaitane nalo achimwene ngakhale tsiku limodzi. Ankati osunga mpando. "Osunga mpando adzuka bwanji?" Achimwene, munthu wosadziwa kukwiya, ankangoti, "Tadzuka, asuweni, mpando nawo wadzuka." Munthu akamadutsa ndi nkhuku m'khwapa kupita kwa mfumu, a Benedito ankaiyang'ana kuyambira kulipombo mpaka kuzikhadabo, n'kunena kuti masiku a bambo awo nkhuku yotereyi inkachita manyazi kulowa pabwalo.

Pabwalo la milandu iwo sankapondapo. Koma nyumba yawo inali panjira yochokera kubwaloko, ndipo tsiku la mlandu ankatulutsa kabenchi pakhonde, wailesi yozimitsa pambali, kudikira. Anthu akamabwerera, "Tabwerani kuno, tabwerani. Agamula bwanji?" Munthu afotokoze kuti ng'ombe za uje zinadya thonje la uje, alamula kuti apereke mbuzi. Iwo kutsokomola kaye. "Mbuzi? Bambo anga akanayamba afunsa kuti mbusa anali kuti." Mlandu wotha kale uyambirenso pakhonde, mboni ziitanidwenso, tiyi aphikidwe. Anthu ankati kwathu kuli makhoti awiri, la pansi pa mtengo ndi la apilo. Ndipo chimene chinkatiwawa ife a mbumba n'chakuti kawirikawiri la apilo linkalondola. Malire a minda yonse kuyambira kunjanji mpaka kumtsinje anali m'mutu mwawo. Apa panali mtengo wa bwemba, apa panali chulu chimene anagumula oumba njerwa. Anazidziwa ali mwana, akuyenda pambuyo pa bambo awo atasenza mpando pamutu.

Ndiye panali buku. Hee, buku lija! Laling'ono, lachizungu, chikuto chinatha kalekale, analikutira m'pepala la shuga. Analipeza akuphunzira zauphunzitsi, ndipo silinachokenso m'thumba la jekete. Linali sewero lamakedzana la kutsidya kwa nyanja zazikulu. Mfumu yabwino iphedwa ndi m'bale wake wankhondo, wakuphayo avala chisoti, dziko lidwala, mwana wa mfumu athawira kwa eni dziko lina, kenako abwerera kudzatenga za bambo ake. Anthu akufa mmenemo ngati nkhuku za chitopa, koma a Benedito imfazo analibe nazo ntchito. Iwo chawo chinali chimodzi: kumeneko mwana amalowa m'malo mwa bambo ake, ndipo palibe mayi wa mbumba amene amatsegula pakamwa.

Ankati taonani mmene wolemba anamuumbira mwanayo. Sathamanga, sakuwa, salanda. Ankati wolowa weniweni amadziwika ndi kudekha, ngati mwini munda amene akapeza mlendo akuthyola chimanga chake amayamba wapereka moni. Ankati mfumu yoona ndi mthunzi wa mbawa, wakuba ufumu ndi mthunzi wa papaya, dzuwa likangosuntha pang'ono uli pambalambanda. Ine tsiku lina ndinawafunsa kuti chabwino, mwana wodekhayo amake anali ndani? Anatsegula buku, anatembenuza uku, anatembenuza uko, ananyambita chala, anati sanalembe. Ndinati mfumu yopanda amake, inatuluka m'chulu ngati ngumbi? Anati ine ndi mutu wa mphasa, sindingamve zinthu zakuya. Ndinati zakuya zimene mulibe mayi ndi chitsime chouma. Anandithamangitsa pakhonde, ine ndikupita ndikuvina.

Ankatinso nthaka imamudziwa mwini wake. Mvula ikadula chimanga chitalekeza m'chiuno, iwo kuyang'ana kumwamba, kuyang'ana nyumba ya achimwene, "Dziko likudziwa." Mbozi zikagwa m'thonje, "Dziko likudziwa." Chaka china tinakolola mpaka nkhokwe kupendama, ine ndiye ndinapitako dala.

"Amuna anga, nanga chaka chino dziko laiwala?"

"Mvula imeneyi yasochera, akazi anga. Inkapita ku Ntcheu."

Amuna anga, akazi anga, ndi mmene asuweni timaitanirana, ndi nthabwala za makolo. Koma nthabwala ina imamera mizu. Tili achinyamata ankandigwetsera malambe ndi mwala, ankati ndikamaliza sukulu ndidzakutenga, Felesiya, udzakhala mkazi wa aphunzitsi, udzavala nsapato. Ine ndinakwecha mapazi ndi mwala kumtsinje kudikira nsapato. Anamaliza sukulu, anapita ku Machinga kukaona abale a amayi awo, anabwerako ndi Abiti Amini. Wa chipini pamphuno uja. Woyenda ngati wasenza mtsuko wodzaza uja. Wophika mpunga wonunkhira mpaka agalu a kwathu kusamukira kwawo uja. Sindinena kuti anali woipa, Mulungu akundiona, ndipo anagona kale. Ndingoti nsapato anavala ndi iye. Ine ndinakwatiwa kwina, ndinabereka, ndinakhuta, zidzukulu ndili nazo zodzaza kalasi. Koma ndikamadutsa kuseri kwa mpanda wawo popita kumjigo, ndinkamva akumuwerengera buku lija, m'Chizungu, mkazi amene Chichewa chomwe ankachiyankhula chopendekera ku Chiyao. Iye ali, "Eee, eee, bambo." Eee chiyani? Wamvapo chiyani? Ine makutu ndinalibe? Ndinkamenyetsa ndowa yanga pamtengo kuti adziwe kuti padutsa munthu.

Tsono imvani chodabwitsa. Munthu ameneyu ufumu anali nawo. Anali nawo, ede! Kwawo kwa amayi awo ku Machinga, anjomba awo, ndiye kuti atsibweni m'kayankhulidwe ka kumeneko, anali mfumu ya kamudzi kena m'tsinde mwa phiri. Atamwalira, dzina linalumpha ana awo mwa lamulo lomweli, n'kudzatera pa a Benedito. Anabwera anthu, amuna a mikanjo ndi azimayi a mbumba ya kumeneko, basi mpaka pa Balaka, kabaza mpaka kuno, fumbi mpaka m'nsidze. Anakhala pansi, anati tabwera kudzatenga mutu wathu. A Benedito anawapatsa nkhuku kuti azinge okha, anawafunsa za mvula, kenako anati pepani, ine ndili kale ndi mpando umene ndikudikira. Mayi wina wachikulire anati, "Mwanangu, wa kuno si wako. Iwe kuno ndiwe mlendo wobadwira." Iwo anaimirira n'kulowa m'nyumba, osatulukanso mpaka alendo atapita. Mawa lake ndinawafunsa kuti kodi mwapenga, mvula ikugwa inu mukukana phanga? Sanatsokomole tsiku limenelo. Anati, "Felesiya, anjomba ndinawaona kangati? Ngakhale fungo lawo sindilidziwa. Ine ndikufuna pamene pankakhala bambo anga."

Za sewero zinabwera pambuyo pake, imvi zitayamba kale. Chinali chaka chawo chomaliza kuphunzitsa. Anamasulira buku lija m'Chichewa, naphunzitsa ana a kalasi yomaliza miyezi ndithu, kuti tsiku lotsekera sukulu makolo adzaone. Anachitapo ukathyali pawiri. Wakupha mfumu uja anamusandutsa mwana wa mlongo wake wa mfumu. M'buku akuti anali m'bale chabe, koma a Benedito anati m'Chichewa m'bale ayenera kukhala ndi mbali. Kwinaku, gawo la mwana wa mfumu sanapatse wophunzira aliyense. Anati mawu ake ndi olemera, ana sangawanyamule. Anadzipatsa okha, bambo wa imvi pakati pa tiana.

Ndipo anapita kwa achimwene kukabwereka mpando. Mpando wa atsibweni, wandalema, wa mlombwa, wakuda ndi thukuta la milandu. Anati ndi wa sewero chabe. Achimwene anati tengani, asuweni, ine ndikhalira mtondo.

Tsikulo linafika. Anthu kudzaza pansi pa mitengo ya pasukulu, ogulitsa mandasi, ogulitsa nzimbe, achimwene kutsogolo pa mtondo wawo wovundikira, ife a mbumba pamphasa kumbuyo kwawo. Abiti Amini anakhala payekha kumbali, pafupi ndi pochitira sewero, nsalu yatsopano, china chake atafungatira pamiyendo.

Zinayamba bwino. Kamnyamata kovala ndevu za thonje, ndiye mfumu, kanakhala pampando miyendo osafika pansi, anthu kuseka. Wankhondo uja anabwera atapambana nkhondo, lupanga la bango m'manja, mfumu n'kumuyamika kuti mwana wa mlongo wanga, wagwira ntchito. Ife m'manja, m'manja. Kenako mfumu inaimirira n'kunena kuti anthu inu imvani, ine ndikadzafa ufumu ndasiyira mwana wanga uyu. A Benedito n'kutulukira kuseri kwa bulangete, atafunda chinsalu chofiira, n'kugwada.

Kenako amayi aakulu a Nachisale, amene anali mutu wa mbumba nthawi imeneyo, anafunsa mokweza. Sichinali chipongwe, ankafunadi kudziwa.

"Kodi mfumuyi alongo ake anafa onse?"

"Khalani chete, agogo, ndi sewero," anatero ana.

"Sewero lomwelo, azimayi anawafunsa? Akugawa dzina ngati fodya wamphuno?"

Kuchokera pamenepo sewero linayenda chafutambuyo. Wankhondo atapha mfumu, azimayi anapukusa mitu kuti kupha n'koipa, komatu anamuputa, munthu kumulanda chake pamaso pa anthu. Wina anati akanangodikira, nkhalambayo inali itatha kale. Mwana wa mfumu pothawa, m'malo momumvera chisoni anthu anati wachita bwino, akapume kwawo. Dziko litayamba kudwala, ana atagona pansi kusonyeza njala, a Benedito anatembenukira kwa ife n'kunena mawu awo aja akuti dziko likudziwa, amuna a kumbuyo anaseka mpaka kugwetsa njinga. Achimwene nawo kuseka, misozi chuchuchu, kaya sankadziwa kaya ankadziwa kuti wakuphayo ndi iwo.

Pomaliza mwana wa mfumu anabwerera ndi asilikali obwereka. Wankhondo anagwa, fumbi koboo. Kamtsikana kanabweretsa chisoti cha katoni chomata mapepala onyezimira, a Benedito anawerama, chisoti pamutu. Anayamba kuyenda kupita kumpando, manja kumbuyo. Sikunali kuyenda kwa sewero kumene kuja.

Ndiye diso langa, diso limene silinkachoka pa mkazi uja chiyambire, linaona Abiti Amini akuvundukula nsalu pamiyendo. Mbale. Mbale ya ufa woyera, yodzaza. Anayamba kudzuka.

Ufa! Anthuni, ufa! Munthu akhale pampando wa mfumu pamaso pa mudzi wonse, mfumu ili pamtondo, athiridwe ufa kumutu, wina aimbe nthungululu, mawa mudzati linali sewero? Ndipo ufa wa pamutu ndi wathu, ife obadwa m'bere la dzinalo. Dzanja limene linawathira achimwene ndi ili ndikulembera ili. Ngati padziko lino panali mkazi woti athire ufa pamutu pa a Benedito, sanali wa chipini.

Mutu sunaganize, inaganiza ndi miyendo. Ndinadzuka, nsalu m'chiuno kwi, nyimbo inabwera yokha ngati kuyetsemula.

Mwana wa tambala, ee,
apite kwa amake!
Wakulira pakhonde, ee,
apite kwa amake!

Mbumba yonse nyamu! Kuwomba m'manja, kuponda, fumbi mpaka m'masamba. Tinalowa m'sewero tikuvina, tinawazungulira, tinanyamula mpando iwo atatsala phazi limodzi kuti afike, tinauyendetsa pamitu mpaka kwa achimwene n'kuwakhazikapo. Ana a sukulu anayesa ndi mmene sewerolo limathera, nawonso kuvina, ngakhale wakufa uja anadzuka n'kuvina. Mbale ya ufa ija wina anaigunda ndi chigongono, sindinena kuti ndani, ufa unathera pansalu yatsopano. Kuvina kwa tsiku limenelo! Ndikakumbuka chiuno chimayamba chokha ngakhale lero.

A Benedito anaima pamene panali mpando, chisoti chitapendekera. Anayamba kuyankhula. Anthu sankamva ndi phokoso, koma ine ndinali pafupi, ndinamva. Sanali mawu a m'buku.

"Bambo anga ndinkawasenzera mpando ndine. Matekenya ndinkawazula ndine. Atadwala, wowatembenuza pamphasa ndinali ine, wowasambitsa ine. Mbumba inkabwera ndi phala n'kubwerera. Mundiuze, nkhope iyi ndi ya ndani? Manja awa ndi a ndani?"

Ankayang'ana ine. Phazi langa linali m'mwamba, ndinalitsitsa, nyimbo inapitirira ndi ena.

Anavula chisoti, anachipinda bwinobwino ngati mpango, n'kuchiika m'thumba. Abiti Amini anabwera, ali mbuu kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi, anawagwira dzanja pamaso pa anthu onse, dzanja, masanasana, n'kumapita nawo kunyumba. Ngakhale pamenepo anandiposa.

Sanandiyankhule mpaka mvula inagwa n'kusiya. Tsiku lina ndikudutsa anangoti, "Akazi anga, nyimbo ija mawu ake ndi oipa, koma kaimbidwe munakhoza." Ndinati, "Nanunso chisoti chinakukhalani." Basi tinayambiranso kutukwanana. Koma sewero sanachititsenso, ndipo buku lija sindinalimvenso kuseri kwa mpanda.

Musaganize kuti nsanje inali mbali imodzi. Achimwene a Kalisito, ofatsa aja, oseka aja, tsiku lina titakalamba tonse, tikusola thonje pakhonde, anandiuza. Anati, "Achemwali, mukudziwa kuti atsibweni sanandisekererepo? Ndikapita kukawaona ankandiyang'ana ngati aona bokosi lawo likubwera. Chiwindi cha nkhuku chinali cha Bene, nkhani za malire za Bene, kumsika ku Balaka panjinga ndi Bene. Ine anandisiyira mpando, iye anamusiyira zonse zimene munthu amakhala nazo pampando." Ndipo n'zoona, mlandu wa malire ukavuta achimwene ankazemba mmawa, kukaima pampanda wa a Benedito ngati akusaka chiweto.

"Asuweni, mbuzi yanga simunaione? Inalowera cha kumunda kwa uje, kuja malire ake amadutsa... amadutsa pati paja?"

A Benedito osatembenuka, "Mbuzi yanuyo ikafika pachitsa cha msangu ibwerere. Kupitirira apo ndi kwa eni."

Amuna awiri, wina ali ndi mpando, wina ali ndi bambo, aliyense diso m'mbale ya mnzake mpaka kukalamba.

Abiti Amini ndiye anatsogola, anakamuika kwawo ku Machinga. Ine ndinati tsopano msuweni wanga ndimusamala ndekha, ndipo ndinawaphikiradi zaka zingapo, thelere la denje, nandolo, nkhwani wotendera. Ankadya akudandaula kuti mchere wachuluka, malemu sankatero. Ndinkati kadyeni kwa malemuko. Sanadwale nthawi yaitali. Shuga, miyendo kutupa, kuchipatala ku Balaka kupita n'kubwera. Mmawa wina ndinapita ndi phala, ndinapeza ali chigonere, jekete atavala kale ngati akudikira alendo.

Achimwene atamva sanalire msanga. Anaitana adzukulu okumba manda, napita nawo okha ndi ndodo yawo. Kumanda kwathu mafumu amagona mzere wawo, wina pambali pa mnzake monga analowerana dzina. Pambali pa atsibweni panali malo osungira achimwene. Analoza pamenepo. Adzukulu anayang'anana, anati mfumu, apa ndi panu. Iwo anati, "Kumbani. Ine ndinatenga mpando, iye atenge apa. Akagone pafupi ndi bambo ake." Mbumba inang'ung'udza, ine ndinati amene atsegule pakamwa alimbana ndi ine. Anakumba. Dothi louma la chilimwe, makasu kulira ngati akumenya njanji, anakumba mpaka kumaliza.

Dzuwa lili paliwombo inafika lole yochokera ku Machinga. Anatsika ana a alongo awo a Benedito ndi akuluakulu a kwawo, mikanjo, mipango. Anakhala pansi, anapepesa maliro mwaulemu wonse, kenako mkulu wawo anati, "Mwatisungira m'bale wathu zaka zonsezi, Mulungu akudalitseni. Tabwera kudzamutenga."

Achimwene anati manda takumba kale. Iwo anati pepani. Achimwene anati anabadwira pano, waphunzitsa pano, ankafuna pano.

"Zonsezo tikudziwa, mfumu. Ali moyo anatikana, tinamusiya, wamoyo ali ndi miyendo yake. Koma mtembo ndi wa eni mbumba. Kapena kuno lamulo linasintha? Ngati mwana ndi wa bambo tiuzeni, tibwerere. Koma mutiuzenso kuti inuyo dzina munalilowa bwanji."

Achimwene anayang'ana ife. Ife tinayang'ana pansi. Ana awo a malemu analibe mawu, iwonso ndi a kwa amayi awo.

A Benedito anawakweza m'lole. Ndinaithamangira lole ija mpaka kunjanji, nkhalamba ine, mpango utagwa, ndikutukwana monga msuweni: pitani, wansanje inu, wosakhuta inu, pitani, tione amene akakuphikireni! Ndamva kuti manda a kwa amayi awo ndi a kwa Abiti Amini angolekana ndi kamtsinje kouma. Wanditengeranso kachiwiri mkazi uja, ali chigonere.

Dzenje lokumbidwa silisiyidwa kukamwa, limaitana wina. Adzukulu anadula thunthu la nthochi kudimba, analikulunga mumphasa, analitsitsa ndi zingwe monga atsitsira munthu, anakwirira. Ndiye kuti malowo adyedwa, sakumbidwanso. Achimwene tsiku lawo likadzafika adzagona chapatali, kudumpha pamenepo.

Sabata yatha tinapita kukasesa kumanda, mwezi uno wokumbukira akufa, mvula yoyamba itagwa. Mzere wa mafumu uli monga unalili, mitumbira yokwera, wa atsibweni ndi mtanda wake wachitsulo. Pambali pake ndi pamene ndikunena. Nthochi inawola msanga, dothi linatitimira, m'malo mwa mtumbira pali kachigwa kotalika ngati munthu, kopanda mtanda, kopanda dzina, chifukwa ulembapo dzina la ndani? Madzi a mvula anadikhamo. Azimayi ankasesa mozungulira, osapondapo, osadziwa kuti apemphere kapena ayi. Achimwene anaima chakumapazi nthawi yaitali, atatsamira ndodo, kenako anafunsa ngati alipo wabweretsa khasu kuti tikwezeko dothi. Panalibe. Tinangogwada n'kuzulapo chisoso ndi manja, ine mbali ya kwa atsibweni, iwo mbali imene adzagone.